Ndinapempha kuti andibise, sokosi inagwa

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine mayi wogwira ntchito pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, ndipo ndili ndi bere limodzi. Mawu amenewa lero akutuluka mosavuta, koma kale ndikanalola kufa kusiyana ndi kuwanena.

Atandipeza ndi khansa ya m'mawere, anandichita opaleshoni ku Blantyre n'kuchotsa bere lakumanzere. Amuna anga okha ndi amene ankadziwa. Anzanga a kuntchito ankangodziwa kuti ndinali kwa achemwali anga ku Limbe. Nditabwerako ndinatenga sokosi yakale ya bambo a kunyumba, ndinaidzaza tinsanza n'kuiika m'kamisolo. Kubafa ndinkapita ndekha, pamaliro sindinkagona ndi amayi anzanga. Ndinkadziona ngati sindinenso mkazi, ndipo ndinkachita manyazi ngakhale ndi galasi la m'nyumba mwanga.

Vuto linali dengu lothyolera tiyi. Lamba wake amadutsa paphewa pafupi ndi chipsera, ndipo mkono wakumanzere unayamba kutupa mpaka bulawuzi kuthina. Masamba anga pasikelo anayamba kuchepa. Akapitawo anandichenjeza kuti ndikapitiriza ulesi umenewu, nyengo ya mvula ikubwerayo asadzandionenso. Ulesi! Ndinangoti pepani bwana. Ndikanawauza zoona mwina akanandimvetsa, koma ndinasankha dzina la mlesi kusiyana ndi la mayi wodulidwa bere. Pemphero langa linali limodzi tsiku lililonse: Ambuye ndibiseni, anthu asadziwe.

Tsiku lina kutagwa mvula ya m'mawa, kunabwera anamwino awiri pashedi yoyezera masamba. Anati akuyenda m'maesiteti kufunsa amayi zimene akusowa pa nkhani ya khansa ya m'mawere, kaya n'kuunikidwa, kaya mayendedwe opita kuchipatala, kaya chithandizo kwa amene anachitidwa kale opaleshoni, kuti thandizo likapite kumene likufunika. Amayi anangoyang'anana n'kumaseka chamumtima. Kenako anayankha amake Yohane, mayi wapakamwa amene palibe anadutsapo pamaso pawo osapatsidwa dzina. Anati matenda amenewo ndi a madona a m'tauni, kuno bere likatupa ndiye kuti mwana waligeyera, kapena foni yatenthetsa kubanki ya m'kamisolo. Anthu anafa nalo phwete, inenso ndinaseka nawo. Mulungu andikhululukire, ndinaseka mokweza kuposa onse.

Namwino wamkuluyo anadikira, n'kufunsanso, koma panalibe wotsekula pakamwa. Anati ngati kuno kulibe vuto, apitirira ku esiteti ina. Mtima wanga unkandiuza kuti wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, koma ndinakhala duu, mkono ukupweteka, ndikuona thandizo langa likunyamula zikwama.

Ndinawerama kuti ndinyamule dengu ndizipita. Sindinadziwe kuti sokosi ija yamwa madzi a mvula m'munda wa tiyi n'kulemera. Inapulumuka m'kamisolo n'kugwera pasimenti pakati pa anthu, ndipo bulawuzi yonyowayo inamata pachifuwa mbali imodzi. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Amake Yohane ndi amene anaitola, ndipo ine ndinatseka maso kudikira dzina langa latsopano.

Dzinalo silinabwere. Anandifunditsa chitenje chawo n'kufunsa motsitsa mawu, “Asisi, anakudulani n'kukhalabe moyo?”

Ndinavomera ndi mutu, misozi ili chuchuchu. Iwo anagwira dzanja langa n'kuliika pansi pa bere lawo lakumanja. Panali kachotupa kolimba ngati njere ya chimanga.

“Kanayamba kalekale,” anatero. “Ndimaopa kuti akangodula, basi ndi maliro.”

Anamwino aja anatsitsa zikwama n'kukhalanso pansi. Ndinayankhula ine za lamba wa dengu, za mkono, za ulendo wa ku Blantyre umene munthu amabwerako akusanza m'minibasi, ndiponso za kusowa mnzako womuuza. Amayi ena anayamba kufunsa mafunso, mpaka akapitawo anabwera kudzaona chimene chachedwetsa sikelo. Atamva, anavula chipewa.

Abale, sindikunena kuti zonse zinatheka. Ulendo wa ku Blantyre ukadali wautali, ndipo bere silinamerenso. Koma anamwino anandiphunzitsa kusamala mkono uja, anakayankhula ndi akuluakulu a esiteti, ndipo anandisamutsira ku nazale ya mbande za tiyi kumene sindiberekanso dengu. Amabweranso nthawi ndi nthawi kudzaunika amayi pashedi pomwe paja. Amake Yohane ndinawaperekeza ndekha kuchipatala, ndipo madokotala anati afika nthawi yabwino. Pakamwa sipanasinthe, masiku ano amanditcha Anasokosi, ndipo ndimayankha.

Ndikuthokoza Mulungu amene anakana pemphero langa. Ine ndinkapempha kubisidwa, Iye ankaona mayi wina amene akanafa chifukwa cha kukhala chete kwanga. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, ndipo anga anatsala pang'ono kupha awiri. Mlongo wanga amene wamva kanthu m'bere, usataye mtima, pemphera ndipo pita kuchipatala msanga. Ngati ukuopa kupita wekha, bwera ku nazale udzafunse Anasokosi, tidzapitira limodzi. Ameni.