Makwerero a Alamu

— Halo?

— Halo, alamu! Ndine, mwamuna wa mlongo wanu.

— Ndakuzindikirani, alamu. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera bwino, kaya inu?

— Ndaswera, kungoti dzino landivuta. Kunyumba kuli bwanji? Ana?

— Onse ali bwino, ali kusukulu. Mayi a ana ali kuntchito. Nanga kwanuko?

— Kuli bwino. Koma mawu anu akumveka ngati mukuyankhulira mu dramu. Muli kuti?

— Pakhomo pompano. Ndi netiweki.

— Tayendani pang'ono mupeze pamene ikukoka.

— Kuyenda n'kovutirapo. Ndangoimika mkono m'mwamba, foni ndaika pa laudi. Mwati dzino latani?

— Labooka, alamu! Bowo lake lilime limachita kulowa n'kutembenukiramo. Ndili mu minibasi, ndikupita kukazulitsa. Ndiye msewu wake uno maenje okhaokha. Tayala likagunda dzenje, dzino limavomera.

— Pepani kwambiri.

— Pepani ndinu. Msana uli bwanji? Mlongo wanga amati lero simupita kuntchito, mukaonana ndi adokotala.

— Eee, ndapita… ndiye kuti ndipita. Alamu, mayunitsi ndi ochepa. Ndimati ndifunse za makwerero anu aja.

— Ati? Aja munabweza chaka chatha?

— Omwewo.

— Aja munalumbira pamaso pa mkazi wanga, dzanja lili pamtima, kuti munawatsamiritsa pampanda wanga ine kulibe?

— Kulumbira kwenikweni sindikukumbuka.

— Ine ndikukumbuka. Ndinakaloza chala aneba anga. Mpaka lero moni wanga sayankha, ndi galu wawo yemwe amandiyang'ana cham'mbali.

— Zimachitika pakati pa anthu. Ndimati mwina muli ndi ena oti ndibwerekeko.

— Ndinali ndi amodzi okha. Koma mumve zodabwitsa, alamu. Lero ndawapeza.

— Aaa! Mwawapeza kuti?

— Amera kuseri kwa nyumba yanu.

— Halo? Netiweki, alamu, sindikumva…

— Mukumva bwinobwino. Ndinadutsa kwanu cha m'ma leveni kuti ndikufunseni za msanawo. Odi katatu, zii. Ndizungulire kuseri, ndingoona mitu iwiri yobiriwira yatulukira m'nthaka. Ndinati, koma nthaka ya alamu ndi yachonde!

— Makwerero obiriwira ndi ambiri m'dziko muno.

— Okhala ndi waya wa kopa pa sitepe yachitatu? Ndinamanga ndekha.

— Ndiye munangowazula basi, osayamba mwasuzumira?

— Ndisuzumirenji m'dzenje la chimbudzi cha eni? Anyamata okumba aja anasiya Lachiwiri, akuti adzamaliza Loweruka. Ndani angakhale m'menemo?

— Alamu.

— Wawa.

— Tiyerekeze kuti munali munthu.

— Munthu wanji?

— Munthu basi. Waulemu wake. Wa ana atatu.

— Akatani m'dzenje?

— Mwina anati angosalaza m'mbali. Ndiye piki n'kumukomera, n'kukumba kuyambira seveni koloko. Kenako n'kukhala pansi kuti apumeko, poti pansi pano pakuzizira bwino…

— Pansi pano?

— Pansi pamenepo, ndikutero.

— Alamu, muli m'dzenje?

— Ndili m'dzenje, alamu! Mamita atatu! Ndayesa kukumba timapazi m'khoma, dothi likungogumukira m'kolala. Ndakuwa mpaka mawu kusasa, yabwera ndi nkhuku yokha. Yandisuzumira ndi diso limodzi, yapalasa dothi, yapita.

— Kalanga ine! Imbirani mlongo wanga msanga.

— Ayi! Amenewo ayi! N'chifukwa chake ndaimbira inu. Amaweruka folo koloko. Ndiyenera kupezeka pampando, nditasamba, fungo la mankhwala opaka lili guu.

— Mukumuopa chonchi?

— Inu simunaone. Msana utandigwira ulendo watha ndinagona masabata atatu. Amanditembenuza ngati khanda, kundiveka masokosi, ndi pabeseni pomwe kundikhazika. Tsiku lina ndinawapeza akulira kukhitchini. Ndinalonjeza kuti piki sindidzagwiranso.

— Dzanja lili pamtima?

— Musatero, alamu.

— Nanga munalowerenji?

— Zimawawa. Kukhala pakhonde ndi pilo kumsana, anyamata akukumba pakhomo pako, akukutcha madala, akukuuza kuti musunthe mpando dothi lingakugwereni. Ndimafuna adzapeze ndamaliza ndekha. Basi.

— Mmm. Ndakumvani. Msanawo pano uli bwanji?

— Ulipo. Ukulankhula pang'onopang'ono. Komanso kumwamba kuno kwada, ndipo dontho limodzi landigwera kale pamphuno. Bwererani nawo makwererowo, chonde.

— Makwerero a ndani?

— Anu.

— Anali kuti chaka chonsechi?

— Alamu, batire yafiira…

— Ndiye yankhani msanga.

— Anali kudenga kwa sitolo yanga ya zipangizo! Ndinawakwirira ndi matumba! Ndinathyola sitepe ya pamwamba, ndinachita manyazi, kenako bodza linakula lokha. Ndalakwa. Ndidzapita ndekha kwa aneba anu kukagwada, ndi kwa galu yemwe.

— Ehee! Mwamva kupepuka kwake? Ngakhale dzino langa laleka kuwawa. Tsono nanenso ndiulule. Ndinasuzumira.

— Mwati chiyani?

— Ndinakuonani. Chipewa kumaso, miyendo pa fosholo, mkonono ngati jenereta. Makwererowo ndinawakoka pang'onopang'ono kuti ndingakudzutseni.

— Inu! Munthu wopemphera ngati inu!

— Ndinati mukadzuka muimba pompo, tiseke, ndikutulutseni. Ndakhala pakhonde panu ola lathunthu. Inu tulo! Mpaka nthawi ya dzino inakwana.

— Ndiye makwerero ali mu minibasi?

— Angalowe bwanji? Ndawagoneka kuseri kwa khola la nkhuku. Masitepe khumi kuchokera pamene mulipo.

— Tsikani, alamu! Kwerani ina yobwerera!

— Ndafika kale pageti pachipatala. Koma musade nkhawa, sindingasiye mlamu wanga m'dzenje mvula ikubwera. Nditaona mitambo ndinatumiza uthenga kwa munthu.

— Ndani?

— Munthu wodalirika. Tinayamwa bere limodzi.

— Ayi. Ayi, alamu, simunatero!

— Wayankha mawu amodzi okha, akuti "Ndikubwera."

— Mayo ine… Dikirani. Geti yalira.

— Ndi iyeyo?

— Ndi nsapato zawo zakuntchito. Ndimazidziwa kagundidwe kake. Zikubwera kuno. Alamu, musadule, mukhale mboni.

— Ndilipo. Akuti chiyani?

— Palibe. Angoima m'mphepete, manja m'chiuno. Akuyang'ana ine, akuyang'ana piki. Mwaswera bwanji, mayi? … Angokwinya nkhope.

— Mwetulirani.

— Ndamwetulira, sizinathandize. Achoka! Alowera cha kukhola. Mulungu ndi wabwino, alamu, mlongo wanu ndi mngelo, ndakhala ndikunena ine.

— Mwaona? Mumangoopa zachabe. Wabwera nawo?

— Akubwera… akukoka chinthu…

— Makwerero?

— Mpando, alamu. Abwera ndi mpando. Ndi ambulera imodzi.

— Hiii! Pepani, anesi akundiitana, tiyankhulana!

— Musadule! Akhala pansi, avula nsapato. Akuti tiyambire pa zimene adokotala anena lero. Alamu! Halo? Halo?