Galimoto Pamwamba, Mwini Wake Pachinayi

Msonkhano wa pavidiyo wosankha wapampando wa bungwe la eni nyumba utangoyamba, nkhope ya a Tayi, amene amavala tayi ngakhale pothirira maluwa, inangouma gwa pa laputopu. Mlamu wawo wokonza makompyuta, mlongo wa akazi awo, anagwada kuseri kwa kabati, pomwe panali rauta, kabokosi kogawa intaneti m’nyumbamo.

“Alamu, chinthu chanuchi chafa!”

“Sichinafe,” anatero mlamuyo. “Chikugawa intaneti motsata mndandanda wa zofuna zanu munandiuza zija.”

“Ndiye ine ndili pati?”

“Pachinayi.”

“Pachinayi? M’nyumba mwanga momwe? Woyamba ndani?”

“Kamera yolondera galimoto. Kenako TV ya achemwali. Kenako belu la pageti.”

A Tayi anakonza tayi. “Ine kumayenda pambuyo pa belu?”

“Munati alendo asamadikire.”

“Taiuzani rautayo kuti ndine ndani!”

Mlamu sankakonda kutsutsa akuluakulu. Anatayipa mofatsa. “Ndaiuza. Ndalemba kuti MWINI NYUMBA. Mukadali pachinayi, koma m’zilembo zikuluzikulu.”

“Iii! Ndikwezeni, anthu akuvota uko!”

“Ndiye galimoto itsike.”

“Aaa, ayi! Ija ndi yatsopano, anthu ali ndi maso.”

“Mpando woyamba ndi umodzi, alamu. Kamerayo imatumiza zithunzi osapuma. Inu mumatola nyenyeswa.”

“Ikani mipando iwiri!”

“Zitheka. Galimoto izioneka ngati ili m’chifunga, inunso m’chifunga chomwecho.”

“Nanga TV?”

“Kawauzeni nokha achemwali. Ine ndinakula nawo.”

A Tayi anayang’ana chitseko cha pabalaza, komwe akazi awo ankaonera TV. “Belu ndiye litsike.”

“Litsika. Koma belu silidya zambiri. Mungopeza ulemu wokha.”

Anakokanakokana choncho, tiyi mpaka kuzizira. Masamba asanu ndi limodzi a mfundo zawo za kampeni anali phee patebulo. Potsiriza a Tayi anapumira m’mwamba ngati munthu wopereka mwana ku ukwati.

“Tsitsani galimoto. Mphindi ziwiri zokha. Inu mukaime pawindo, muziiyang’ana.”

Mlamu anadina batani, nakaima pawindo. “Ikadalipo,” anatero.

Chithunzi chinayera mbee, mawu a mlembi wa bungwe nkumveka bwinobwino: “…choncho a Tayi apambana. Mamembala akuti zaka zonsezi sanawaonepo akumvetsera chonchi. Theka la ola lathunthu osadula munthu pakamwa, ngakhale kuphethira! Tiyankhuleni pang’ono, a Wapampando.”

Mlamu anacheuka. Dzanja la a Tayi linali litafika kale pa masamba aja, ndipo iye ankadziwa kuti tsamba loyamba lonse linali lodzudzula mlembi yemweyo. Dzanjalo linaima. A Tayi anaumitsa nkhope, maso tong’o pa kamera, nanong’ona osagwedeza milomo:

“Alamu, kwezani galimoto msanga. Ine mundibwezere kumbuyo kwa belu.”