Tsiku Limene Kompyuta ya Mpingo Inafuna Dalaivala

Mtendere ukhale nanu, abale ndi alongo. Amayi a kwaya, moni. A Mbewe, mkulu wathu wa mpingo, moni, ngati muli maso.

Ndine Yamikani, wa Fomu 3, mwana wa Mayi Nkhoma otsogolera kwaya ya amayi. Abusa andiuza kuti ndiime pano ndiulule. Ndikuulula. Amene anatseka pakamwa kompyuta ya mpingo uno ndine. Si Satana. Si mphenzi. Ndine.

Kale zinthu zinali bwino. Kompyuta ija, yokalamba ngati mabenchi mwakhalirawa, inkaliza biti ya kwaya Lamulungu lililonse. Kiyi wa kachipinda kake ankasunga mayi anga. Ine ndinali ndi chuma changa pafoni: mkonono wa a Mbewe, womwe ndinajambula pa ulaliki wa Yona. Mkonono wabwino, abale, wa besi yeniyeni. Ndinangofuna kudziwa kuti ungamveke bwanji utalowa mu nyimbo yoyamba ya amayi. Kufuna kudziwa basi.

Ndinatenga kiyi m'chikwama cha mayi. Pulogalamu yophatikizira mawu inakana Windows yakale, ndiye ndinabwereka fulashi kwa mnzanga n'kuika Windows yatsopano m'kompyutamo. Ndinaphatikiza mkonono ndi biti, n'kusunga pa dzina la nyimbo yoyamba. Nditati ndimvetsere, zii. Ndinakweza voliyumu, zii. Ndinagwedeza mawaya, zii.

Loweruka lake kunali ukwati wa mwana wa abusa, ndipo amayi sakanaimba popanda biti. Ena anasanjika manja pa sipika n'kupemphera. Sinayankhule. Komiti inati wosunga kiyi ndiye ayankhe, ndipo ikapanda kulira pofika Lachisanu, kiyi ndi utsogoleri zipita kwa wina. Tsiku limenelo mayi sanadye. Anakhala pakhonde, yunifomu ya kwaya ili pamiyendo, akusoka batani lomwe silinathothoke n'komwe. Apa mpamene kuseka kunandithera.

Ndinapempha kuti nditsegule kompyuta ija. M'kati munali fumbi la Chilomoni yense ndi mphemvu yakufa. Ndinapeza kakhadi kobiriwira, kokhala ndi timabowo tamitundumitundu, pomwe waya wa sipika amalowa. Pakachitsulo kake kakuda panali nambala. Ndinailemba padzanja. Aphunzitsi a kompyuta kusukulu anati limenelo ndi khadi la mawu, ndi lakale, Windows yatsopano siilidziwa, pakufunika dalaivala.

Ndinakawauza a Mbewe chimodzimodzi: ikufunika dalaivala.

M'mawa mwake anabwera ndi Che Jafali, oyendetsa minibasi ya m'tauni.

"Nayu," anatero a Mbewe. "Zaka zonsezi pamsewu, sanagundepo ngakhale nkhuku."

Che Jafali anaizungulira kompyuta kawiri, n'kufunsa kuti chiwongolero chili mbali iti. Ndinafotokoza kuti dalaivala wake ndi kapulogalamu, kali ngati womasulira ulaliki: khadi likuyankhula chinenero chakale, Windows ikumva chatsopano chokha. Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anati ku msika wa Ndirande kuli mkulu wina wogulitsa zotsalira za makompyuta, ndipo anandikweza mpando wakutsogolo. Mkuluyo anawerenga nambala padzanja panga, anafukula mukatoni, n'kutulutsa CD yokalikakalika.

Ndinabwerera ndikuvina. CD inalowa, kompyuta inakana. Inati pulogalamuyi si ya Windows ino. Ndinayesanso, inakana. Ndinapukuta CD ndi malaya, inakana. Ndiye ndinayamba kutsegula paliponse potseguka, mpaka ndinapeza kabokosi kena kodabwitsa. Ukachongamo, umaiuza pulogalamu yakale kuti palibe chasintha, ikadali mu Windows ya makolo ake. Kuinamiza, abale! Pa ntchito imeneyo sindifuna mphunzitsi. Ndinachonga. Inakhulupirira.

Lachisanu masana amayi onse analipo, abusa analipo, a Mbewe analipo. Nditaiyatsa, sipika inati phu, ngati munthu wotsitsimuka. Nthungululu. Mayi anandiyang'ana ndi maso onyowa, n'kunena kuti ndiike nyimbo yoyamba. Chifukwa cha chimwemwe, ndinaiwala zomwe zinali m'nyimbomo.

Biti inayamba. Amayi anayamba kuponda. Kenako besi inalowa.

A Mbewe anakwinya nkhope, n'kufunsa ngati khadi lija likadali lowonongeka. Mayi Mbewe, amene amaimba alito, anayankha osatembenuka:

"Khadi lili bwino, bambo. Amenewo ndinu. Ndimawamva tsiku lililonse."

Ndinaulula pomwepo, komiti yonse ikumva. Kiyi anatsala kwa mayi. Biti yeniyeni ndinali nditaisunga pambali, ndipo pa ukwati amayi anaimba mpaka apongozi anaimirira.

Ndikuthokoza Mulungu. Ndikuthokoza Che Jafali, dalaivala woyamba. Ndikuthokoza mayi anga, amene anandikoka khutu kuchokera pano mpaka kunyumba osalisiya ngakhale podutsa msewu.

Chilango changa nachi. Foni analanda. Mpaka chaka chithe, ine ndiye dalaivala wa kompyuta, mapemphero onse awiri, ndipo mpando wanga uli pambali pa a Mbewe kuti ndiziwagwedeza akayamba kuwodzera. Sindikudandaula. Pakhadi paja pali kabowo kapinki komwe kankandizunguza mutu. Dzulo ndadziwa ntchito yake. Ndi ka maikolofoni, ndipo kakugwira bwinobwino.

A Mbewe, ameni?

Mwamva nokha besi ija, abale. Ndithamange, ntchito yandiitana.