Bulangeti la ku Indianapolis

A Sosten Chimkono, nkhalamba ya ku Ntcheu imene ana anaitutira ku South Bend ngati katundu, anaitanidwa ku ofesi ya boma ku Indianapolis kukayankha mafunso kuti akhale nzika ya Amereka, ndipo akakhoza azitha kupita kwawo n'kukhalako mpaka atatopa popanda wowatsekera khomo pobwerera. Wowaperekeza anali mkamwini wawo Mervin, namwino wokhulupirira chilichonse cholembedwa, amene analoweza kabuku konse ka mafunso kuti aziwayesa ali pa chiwongolero.

"Bambo, chikwama chili kumbuyoku n'chachiyani?" anafunsa Mervin atangolowa mumsewu waukulu.

"Bulangeti, mathalauza awiri, sopo."

"Sitikagona kumeneko. Tibwerera lero lomwe."

"Mawu amenewo ndinawamvapo. Draivani."

Mervin anakhosomola ngati mphunzitsi. "Tiyambe ndi za mbiri. Nkhondo yachiwiri itatha, Amereka ndi Rasha anakhala zaka zambiri akuopsezana osamenyana. Nthawi imeneyo Amereka ankaopa chiyani?"

"Sindikudziwa, bwana."

"Ine si bwana. Ndine Mervin."

"Ndikuyeserera za m'katimo. Sindikudziwa, bwana, ine ndine mlimi wa kachewere."

"Mukafeila mukatero. Yankho lake ndi chikomyunizimu."

A Sosten anacheukira kumbuyo, anasuzumira galimoto ya pambali, kenako anapotokola wailesi mpaka magalasi ananjenjemera.

"Mwatani kodi?"

"Ndikupulumutsa bambo wa adzukulu anga. Mawu amenewo satchulidwa wailesi ili chete."

Mervin anaitsitsa. "Koma alembedwa m'kabuku ka boma. Boma lenilenilo ndi limene lalemba."

"Ehe. Boma lalemba, boma likufunsa, boma lomwelo lili ndi ndende. Inu kusukulu munkatolako chiyani?"

"Unamwino."

"Zikuoneka. Kwathu kunali mphunzitsi, a Kenan. Tsiku lina pamowa anangoti anthu a ku China akumanga njanji yabwino ku Tanzania. Basi, njanji. Kutacha kunabwera galimoto. Akuti tiyeni aphunzitsi mukayankhe timafunso, mubwerera lero lomwe."

"Sanabwerere?"

"Anabwerera ana awo atakwatiwa."

"Ndiye kuti anabwerera."

"Mano sanabwerere."

Mervin anaganiza kaye. "Chabwino. Pa funso limenelo kabuku kamalolanso yankho lina. Mukhoza kunena kuti ankaopa nkhondo ya mabomba akuluakulu aja."

"Mabomba ndingatchule. Bomba silinamangitsepo munthu."

"Zikomo. Lina. N'chifukwa chiyani Amereka anakamenya nkhondo ku Korea?"

"Mabomba."

"Ayi. Ankafuna kuletsa chikomyu..."

Dzanja la a Sosten linali litafika kale pa wailesi. Mervin anadikira nyimbo ya magitala ithe theka, n'kutsitsanso.

"Nanga ku Vietnam anakatani?" anafunsa a Sosten mokayika.

"Yankho lake ndi lomwelo."

"Aaa, katatu? Mkamwini, munthu akakufunsa chinthu chimodzi katatu sakufuna yankho. Akufuna aone kuti unachidziwira kuti, anakuphunzitsa ndani, ndipo mumakumana kwa yani."

"Mukanena kuti munachidziwira m'kabuku."

"Anandipatsa kabukuko ndani?"

"Ine."

"Mwadzitchula nokha. Ine sindinatsegule pakamwa."

Pomwepo mawu a mzimayi anatuluka mufoni ya Mervin, m'Chingerezi, kuwauza kuti akhale mbali ya kumanja. A Sosten anaumirira msana pampando.

"Ameneyu wakhala akumvetsera kuyambira ku South Bend?"

"Si munthu, bambo. Ndi mapu."

"Akudziwa pamene tili?"

"Eya."

"Ndi kumene tikupita?"

"Ndamuuza ndine."

"Koma inu. Kwathu kazitape ankabisala kuseri kwa nkhokwe, udzudzu ukumudya. Kuno mumamuika patsogolo, n'kumamutchajira batire."

"Bambo, zinthu zimenezo zinatha. Khoma la ku Berlin linagwa, Rasha uja anagawikana. Ndipo kabuku kamati inali nkhondo yongoopsezana, sanawomberane."

"Sanawomberane iwowo. Pa Lizulu paja msewu ndiwo malire, tsidya linalo ndi Mozambique. Mfuti tinkazimva tili m'munda. Kukacha tinkapeza anthu pakhonde, mwana kumsana, mbuzi pachingwe, wina alibe khutu. Akuluakulu awiriwo ankangotukwanizana pa wailesi, akufa n'kukhala anthu osadziwa n'komwe kuti Rasha ali kum'mawa kapena kumadzulo."

"Zimenezo m'mafunso mulibe."

"Ndikudziwa kuti mulibe. Ndipo khoma lanulo litagwa m'pamene azungu anatulukira kuti ku Malawi kuli ndende. Zaka zonse zija ankabwera, kudya bwino, kuombera m'manja amayi athu akuvina padzuwa, osaona kanthu, chifukwa boma lathu linkadana ndi mawu aja. Khoma la ku Jeremani ndi limene linkawatchinga maso."

"Silingatchinge. Jeremani ndi kutali kwambiri."

A Sosten anamuyang'ana, kenako anayesa chitseko.

"Mwakhoma?"

"Zimadzikhoma zokha galimoto ikamayenda."

"Hmm. Mwandikweza m'galimoto, mwakhoma, mukundifunsa za ndale, mukundipereka ku ofesi ya boma. Tandiuzani zoona, mkamwini. Mwana wanga Chrissie munamukwatira chifukwa chomukonda, kapena anakutumani?"

"Tinakumana kutchalitchi, bambo."

"Kumeneko n'kumene akazitape ankachulukira. Mabenchi akutsogolo, mawu abwino poimba."

"Ine ndimakhala kumbuyo. Sindidziwa kuimba."

"Ochenjera ake."

Minda ya chimanga inatha, nyumba zitalizitali za Indianapolis zinayamba kuoneka. Mervin anapukuta thukuta ngakhale kunja kunali chisanu.

"Latsala limodzi. Limeneli si la mayeso, koma amafunsa mutakweza dzanja n'kulumbira. Amati, munakhalapo membala wa chipani cha mawu aja, kapena chipani china chilichonse chopondereza anthu?"

"Chopondereza motani?"

"Chokhala chokhachokha m'dziko, chosalola wina kutsutsa."

"Ndinali."

Galimoto inagwedezeka pang'ono. "Munali?"

"Gwirani bwino chiwongolero. Ndani sanali? Popanda khadi la chipani mumsika sulowa, basi sukwera. Anyamata a malaya ofiira ankaima pageti ndi ndodo. Ndinagula, ndinasunga m'thumba la malaya, ndipo mvula ikagwa ndinkayamba kuumitsa khadilo ndisanaumitse mwana. Kabuku kanu kamati chiyani za munthu amene anachita kumukakamiza?"

"Akafotokoza zoona, amamumvetsa."

"Nanga wonama?"

"Wonama atalumbira akhoza kulandidwa unzika, ngakhale patapita zaka."

"Oho." A Sosten anakhala tsonga. "Inu paja munakhoza kale zimenezi. Munayankha chiyani?"

"Ndinati ayi. Ine ndinabadwa mu 1991. Zipani zambiri zinabwera ndisanayambe sukulu."

"Mayi anu paja ankagulitsa chiyani?"

"Tomato. Mumsika wa ku Balaka."

"Ali ndi pakati panu ankapitabe?"

"Amati mpaka tsiku limene ndinabadwa. Amanyadira zimenezo."

"Ayenera kunyadira. Anyamata apageti aja, mkamwini, ankawerenga anthu olowa. Mayi woyembekezera ndi anthu angati?"

Mervin anayankha mwaunamwino, asanaganize. "Awiri."

"Makhadi awiri."

Mzimayi wa mufoni ananena kuti akhote kumanzere. Mervin anakhota osaonetsa getsi, wina kumbuyo anaimba hutala.

"Koma ndinalibe dzina."

"Chipani sichinkafuna dzina. Chinkawerenga mitu."

"Mutu ndinali nawo kale?"

"Namwino ndinu."

Mervin anawerenga chamumtima, milomo ikuyenda. "Ndinali nawo."

"Ndiye munali membala. Wokhulupirika kuposa ine, chifukwa inu simunadandaulepo."

"Sindinasaine paliponse."

"Ine ndinasaina? Ankangokuponyera."

"Ndinakweza dzanja, bambo. Pamaso pa mbendera."

"Lamanja?"

"Lamanja."

"Iii."

"Koma sindinkadziwa."

"A Kenan ankadziwa chiyani? Njanji."

"Mwina umembala wake unkatha chaka chikatha."

"Mayi anu anasiya kupita kumsika mutabadwa?"

"Ayi. Ankandibereka kumsana."

"Mwana wakumsana ndiye osanena, mutu uli poonekeratu. Zaka ziwiri kapena zitatu za utumiki. Munakawauza kuti mwatuluka?"

"Ndinali ndisanayambe kulankhula."

"Ndiye simunatuluke. Anzanu tonse tinataya makhadi m'chimbudzi tsiku la referendamu. Mwina mwatsala nokha dziko lonse la pansi."

Anafika pamalo oimika galimoto, pafupi ndi ofesi ija. Mervin anapaka mokhota, anazimitsa foni, anaiyang'ana, n'kuitsekera m'kabokosi ka patsogolo. Kenako analankhula chapansipansi.

"Bambo, m'katimo musakatchule dzina langa."

"Akandifunsa amene wandibweretsa?"

"Mukati mwakwera basi."

"Nditakweza dzanja? Mwangondiuza nokha za wonama."

"Ndili ndi ana, bambo. Ndili ndi ntchito kuchipatala."

"Kuchipatala kumene mumagwira anthu a boma ali mtulo. Azikonda kumva zimenezo."

A Sosten anawongola kolala, anapukuta nsapato pa thalauza, nkhope yawo ikuwala koyamba chichokereni ku South Bend.

"Tandifunsaninso lija la Korea."

"Sindikulidziwa funso limenelo."

"Chikomyunizimu," anatero a Sosten momveka bwino, ngati akuwerenga vesi pa maliro. "Vietnam, chikomyunizimu. Chimene ankaopa, chikomyunizimu."

Mervin anadumphira wailesi n'kuikweza mpaka mapeto. A Sosten anaitsitsa modekha ndi chala chimodzi.

"Mwasiya kuopa?" ananong'ona Mervin.

"Ndimalidziwa boma, mwana wanga. Silimanga anthu awiri a m'galimoto imodzi. Limatenga mmodzi, winayo limamusiya kuti akafotokoze kumudzi. M'mawa muja ndinkaona ngati mmodziyo ndine."

Anatsegula chitseko, anatsika, n'kuyamba kulowera kukhomo la ofesi ali tswii ngati msilikali wopuma. Mervin anatsitsa galasi pang'ono, pongokwana mphuno.

"Bambo, mwaiwala chikwama."

A Sosten sanacheuke n'komwe.

"Sindinaiwale. Mathalauzawo akufupikirani, koma bulangetilo n'labwino."