Chiwanda cha Pamalire

Pa siteji ya Biriwiri, bambo wina wa jekete lakale anakhala atafungatira dengu lovundikira. Mayi wogulitsa kabichi anamva dengulo likutsokomola.

"Bambo, nkhuku yanuyo ili ndi chitopa."

"Si nkhuku, mayi, n'chiwanda. Osati za matipatezi, zothawa korasi imodzi yokha. Ichi n'chakale."

"Munachitola kuti?"

"Chiwanda satola. Chimamera chokha ngati mbatata pamene abale akanganirana malire a munda. Ichi chinamera pakati pa ine ndi achimwene anga a Gibson. Chakudya chake ndi mkangano basi. Tinachidyetsa zaka makumi atatu, iwo m'mawa, ine madzulo. Chinanenepa mpaka anthu ankachokera ku Mlangeni kudzachiona."

"Nanga lero chikutsokomoleranji?"

"Njala. Achimwenewo anatisiya chaka chatha. Ndayesa kuyambana ndi alamu, koma amangoti pepani. Ndiye ndikukachisiya ku Sharpevale. Zikakalamba zimakauma kotentha n'kusanduka kamvuluvulu."

"Komatu maminibasi atatu adutsa inu muli pompano."

"Anali odzaza."

"Yomaliza ija munali anthu awiri okha, bambo."

"Mayi, kutsokomola kumeneku ndi kwa achimwene, mmene ankachitira akafuna kuyamba kundilalatira. Tadikirani chitsokomolenso kamodzi."