Kusala Kouma Kunatsala Pang'ono Kundipha

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine amake Taonga, ndimakhala ku komboni ya George ndipo ndimagulitsa makala pakhomo. Ndinabadwa ndi matenda a siko selo. Amene simuwadziwa thokozani Mulungu, chifukwa ululu wake umakhala ngati munthu akukukhomera misomali m'mafupa.

Alongo anga awiri anapita ndi matenda omwewa asanakwatire n'komwe. Bambo wa Taonga anatithawa kalekale, akuti sangasunge mkazi wogona kuchipatala mwezi ndi mwezi. Ndiye chinkandidya mumtima n'chimodzi: ndikafa, mwana wangayu atsala ndi ndani?

Chaka chatha mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, azimayi a gulu lathu la mapemphero anagwirizana zondisalira. Anali ndi mtima wabwino, sindikuwanena. Anati kukhale kusala kouma, kopanda ngakhale dontho la madzi, poti matenda obadwa nawo sachoka ndi pemphero lamasewera. Ine ndinati, anzanga azivutikira ine, mwiniwake ndili gwa kumwa madzi? Ndinalowa nawo. Chigubu chimene ndinatunga pa kiyosiki ya madzi chinangokhala pakona osachikhudza.

Sindinapite patali. Masana ena ndikupimira munthu makala, msana unagwira, kenako miyendo, kenako chifuwa. Ndinagwera pathumba, mpweya ukukana kulowa, Taonga akundikoka chitenje uku akulira. Amene anathamanga ndi ba Mwansa a khomo loyandikana nalo, mayi amene tinkakangana naye tsiku ndi tsiku za chingwe choyanikapo zovala. Anandikweza pa wilibala mpaka kumsewu, n'kulalatira kondakitala wa minibasi mpaka anatipezera malo. Mu minibasimo ndinakwiyira Mulungu, sindibisa. Ndinati Ambuye, ndasala chifukwa cha Inu, ndiye malipiro ake mundichotse pamaso pa mwana wanga?

Kuchipatala anandiika diripi msangamsanga. Ululu utatsika, dokotala wina wachitsikana anandifunsa kuti madzi ndinamwa liti. Nditamuuza anagwira pakamwa, kenako anakoka mpando n'kukhala. Anati m'magazi muli timatumba tofiira totchedwa maselo, ndipo m'kati mwake mwadzaza mapuloteni onyamula mpweya, othithikana kuposa mmene anthu amathithikanira mu minibasi. Kwa anthu ena kuthithikanako kulibe vuto, mapuloteni awo amakhala bwinobwino. Koma anga ndi omata. Madzi akachepa m'thupi selo imafota, malo amachepa, iwo n'kugundana, n'kumatirirana kukhala timitengo touma. Pamenepo selo imapindika ngati chikwakwa n'kutseka njira ya magazi. Misomali ija inali imeneyo.

Ndinamufunsa ngati sindichimwa pothyola kusala. Anandigwira dzanja.

"Amai, naine nimapemphera. Koma kwa imwe madzi ni mankhwala. Mulungu wamene anapanga madzi sangakalipe mukamwa."

Ndinalira, abale. Zaka zonsezi ndinkapempha kuti wina andiuze chimene chimachitika m'thupi mwangamu, ndipo yankho linabwera tsiku limene ndinkayesa kuti Mulungu wanditaya.

Sindikunamizani kuti ndinachira. Matendawa alipo, masiku ena amandigwetsabe, ndipo mantha aja sanatheretu. Koma azimayi a gulu lathu atamva, anagwa nkhope, ndipo tsopano akamasala amandibweretsera madzi iwo eni. Ba Mwansa nawo za chingwe sanasiye, koma akatha kulalata amafunsa kuti, "Mwamwa?"

Ndikuthokoza Ambuye amene anandibweza pakhomo pa manda. Inu amene mukudwala, musafooke, pempherani ndithu, koma mukamve zakuchipatala, pakuti nako Mulungu amayankhula. Taonga wayamba sukulu chaka chino, ndipo tsiku loyamba ndinamuperekeza ndekha, botolo langa la madzi lili m'manja.