Theka la Mutu wa a Tcheya

A Tcheya a achinyamata kumpingo anali munthu wosabweza mawu, ngakhale mawuwo atatembenuka n'kuwaluma eni ake. Loweruka masana analowa m'babashopu ya pakona kukonzekera msonkhano wa madzulo wa ana omaliza sekondale, ndipo wometa anali mnyamata wawo wa kwaya, yemwe iwo anali atamuuza kuti akapanda kubwera ndi munthu wotembenuka mtima Lamulungu, za kwaya aiwale.

"Munthu uja wamupeza?" anafunsa akukhala pampando.

"Ayi, a Tcheya. Ndikangoyamba kulalikira, anthu amanyamuka."

"Ulesi! Ndinati chiyani mukumaliza sukulu? Munthu asachoke pamaso pako asanamve Mawu. Peza njira."

"Njira ndaipeza, kungoti sindinaiyese."

"Ukudikira mngelo? Yesa pa aliyense wokhala pampandowu."

"Aliyense?"

"Aliyense! Osayang'ana nkhope."

Mnyamata anawakulunga nsalu m'khosi, makina n'kuyamba kulira. Anameta kumanzere konse mpaka mbee, kuyambira pakhutu kukafika pakati pa mutu. Kenako anazimitsa makina n'kuwaika m'thumba la buluku.

"Magetsi azima?"

"Alipo. Bambo, kodi mutafa lero, mungapite kuti?"

A Tcheya anayang'ana pagalasi. Mutu unali ngati bwalo losesa mbali imodzi.

"Iwe, maliza kaye!"

"Ndikamaliza munyamuka."

"Aaa! Ine ndi Tcheya wako! Ndinapulumutsidwa iwe usanabadwe."

"Munatiuza kuti ambiri amayankha choncho. Munati tisamanyengeke ndi taye."

Mawuwo analidi awo, ndipo tsiku limene anawalankhula anthu anawomba m'manja. Zinawawawa kwambiri kuti mwa ana onse aja, amene anamvetsera ndi uyu.

"Ndimanena anthu akunja, osati ine."

"Ndiye kuti phunziro lija linali lolakwika?"

"Sindinalakwitsepo phunziro ine!"

"Eya, tipitirize basi. Tchimo limene likukuvutitsani kwambiri ndi liti?"

"Panopa? Lofuna kukuwaza khofi."

"Mkwiyo," anatero mnyamata, akupukusa mutu mwachisoni. "Tayamba bwino. Lina?"

A Tcheya anavula nsalu, n'kulunjika kukhomo. Atasuzumira, anaona amayi a mumpingo akudikira basi tsidya la msewu, amayi oti nkhani ikawafika m'makutu imagona itazungulira mpingo wonse. Anabwerera mwakachetechete n'kudzikulunga okha nsalu ija.

"Chabwino. Ukufuna chiyani?"

"Mubwereze pemphero pambuyo panga. Lomwe lija munatiphunzitsa."

"Chapansipansi."

"Munati chapansipansi n'cha anthu ochita manyazi ndi Mulungu."

"Yamba, mwana iwe, nthawi ikutha!"

Mnyamata anatsinzina, dzanja lili pambali yometa ija.

"Ine wochimwa..."

"Ine wochimwa," anatero a Tcheya, atalumanitsa mano.

"Ndakhala ndikupemphera kuti anthu andione..."

"Ndakhala ndiku... Iwe! Zimenezo zachokera kuti?"

"Munaziwonjezera nokha. Munati zimalasa mtima."

"Zimalasadi," anatero a Tcheya, poti kukana sakanatha. Anabwereza mzere wonse, mokweza, mpaka wokonza mafoni wa khomo loyandikana anathimitsa wailesi kuti amve bwino.

Atafika pa ameni, mnyamata anatulutsa makina misozi ili m'maso. Anameta mbali yotsalayo mwaluso, anawapaka sipiliti, n'kuwasasa tsitsi paphewa mwaulemu wonse. Mutu unakongola ndithu, ndipo zimenezi zinangowonjezera mkwiyo.

A Tcheya anaimirira, anakonza taye, ulemu wawo n'kuyamba kubwerera pang'onopang'ono.

"Tamvera. Usaganize kuti masewera akowa asintha kanthu. Ine ndikanena ndanena. Lamulungu ubwere ndi munthu wako, aime kutsogolo, anene yekha machimo amene wasiya, mpingo wonse umuone."

"Zikomo kwambiri, a Tcheya," anatero mnyamata, nkhope ili mwee. "Ndidzakutengeni kunyumba, kapena tikakumana konko?"